Ndinataya makalata a Alf, n'kuyamba kupeka anga

Abale ndi alongo, ine ndine Fackson. Mwa tonse takhala pa mipando ya pulasitikiyi, ndikukhulupirira kuti ndine ndekha amene mowa unandisandutsa mlembi. Ena unakulandani laisensi, ena unakulandani banja. Ine unandilemba ntchito yolemba makalata m'dzina la munthu amene anamwalira ndisanabadwe. Sekeranitu panopa, chifukwa kutsogoloku poseka m'pochepa.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, kwathu ku Ntcheu. Zotsalazo ndinatola ndekha, kuyambira pa nyuzipepala zokulungira zitumbuwa mpaka mabuku opanda chikuto a pa msika. Kuno ku London anatibweretsa ndi mayi a kunyumba, a Esnart, amene ndi nesi. Ine ndinangobwera ngati chikwama chawo chachiwiri. Timakhala ku Croydon, ndipo tsiku limene ndinamva kuti ku laibulale amabwereketsa mabuku ulere, ndinafunsa kawiri poopa kuti mwina Chingerezi chandiphonya.

Ntchito imene ndinapeza ndi ya kheya, yoyendera okalamba m'nyumba zawo. Amene mwaigwirapo mukudziwa. Umamusambitsa munthu m'mawa, kenako pali maola awiri kapena atatu opanda kopita, kudikira nthawi yokamupatsa chakudya chamasana. Kunyumba n'kutali, panja kukuzizira. Malo ofunda amene sakuthamangitsa ndi pabu, nyumba yomwera mowa. Ndinayamba ndi tiyi ndi buku. Kenako ka hafu ka mowa ndi buku. Kenako buku linkangokhala pa tebulo ngati mboni. Chaka chisanathe ndinali ndi botolo laling'ono m'thumba la jekete, ndi maswiti a minti m'thumba linalo, ndipo ndinkadziuza kuti munthu wowerenga ngati ine sangakhale chidakwa. Zidakwa ndi anthu ena, osadziwa mbiri ya dziko.

Mmodzi mwa anthu amene ndinkawayendera anali a Dennis, mzungu wa zaka 93, wokhala yekha m'fulati ku Thamesmead. Maso anali atafa kalekale, koma mutu unali wakuthwa. Mwana wawo wamkazi, a Maureen, ankabwera Lamlungu lililonse. A Dennis atamva kuti ndimakonda mabuku anandipatsa dzina loti Profesa, ndipo tsiku lina anandiuza kuti nditsitse chitini cha mabisiketi chimene chinali pamwamba pa kabati.

Munali makalata a bambo awo, a Alf.

A Alf anali mmodzi mwa anyamata oyambirira kulipidwa chifukwa chomenya mpira, ku timu ina ya kuno, kummwera kwa mtsinje wodutsa mu London. Ankasewera kumbuyo, mbali ya kumanzere, masiku amene mpira unali wachikopa wosoka ndi chingwe, woti ukanyowa n'kuumenya ndi mutu unkaiwala dzina la mayi ako. Malipiro ake sanali oti n'kulemera nawo, moti nyengo ya mpira ikatha ankakanyamula katundu ku doko. Itabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu anayamba kuwanena osewera kuti ndi amantha, akuthamangitsa chikopa anzawo akufa. A Alf analembetsa usilikali pamodzi ndi anzawo angapo a mu timu. Anabwerako ndi mwendo umodzi. Timu yawo yomweyo inawapatsa ntchito yoima pa geti, kung'amba matikiti a anthu obwera kudzaonera ena akusewera pamalo pawo. Anakwatira mochedwa, n'kubereka a Dennis.

"Bambo anga sankayankhula," anandiuza a Dennis. "Tinakhala nyumba imodzi zaka makumi awiri, koma mawu awo ambiri ali m'chitinimo. Werenga, Profesa."

Anali makalata opita kwa mayi awo a Alf, olembedwa ndi pensulo, ambirimbiri, mwina kupitirira makumi asanu. Afupiafupi. Nditumizireni masokosi. Fodya wafika koma wanyowa. Timu yathu yatani Loweruka? Dzulo tinasewera ndi anyamata a mizinga pa munda wa munthu, tawachinya, koma goloboyi wathu salinso nafe. Chiyambireni imfa ya akazi awo a Dennis panalibe wowawerengera, chifukwa a Maureen ankati zolemba za pensulozo zimawapweteka mutu. Ndiye tinapangana: ndikamaliza kuwameta ndevu ndi kuwapatsa mankhwala, kalata imodzi. Ankamvetsera atatseka maso awo osaonawo, dzanja lili pa bondo.

Ndinamukonda Alf, abale. Ndinamukonda mpaka kumuyesa wanga.

Lachisanu lina ndinapempha kuti nditenge chitinicho, ndikajambule makalata onse ku laibulale kuti asadzafufutike. Lamulo la ntchito yathu ndi lomveka: sutulutsa kanthu m'nyumba ya munthu, ngakhale supuni. Ndinkalidziwa. A Dennis anati, "Ubweze Lolemba. Ndipo usapinde ngakhale imodzi."

Ku laibulale sindinafikeko. Loweruka masana ndinali ku Peckham, m'pabu, ndi anyamata akwathu tikuonera mpira. Wosewera wina anangokhudzidwa pang'ono n'kugudubuzika ngati wawombedwa ndi galimoto, ndipo ine, mabotolo anayi ali m'mimba, ndinaimirira.

"Amenewa si osewera! Wosewera weniweni ndili naye m'chikwama umu!"

"Profesa wayambapo," anatero wina. "Tatiwerengereni, bwana, tiphunzire."

Ndinatsegula chitini pa tebulo lonyowa ndi mowa. Ndinawerenga kalata ya goloboyi uja mokweza, ndi mawu a wolengeza mpira pa wailesi, anthu n'kumaseka ndi kuwomba m'manja. Zimenezo ndimazikumbuka. Ndimakumbukanso ndikukwera basi dzuwa lisanalowe. Chimene sindikumbuka ndi pamene chikwama chinasiyana nane. Ndinafika ku Croydon manja ali m'thumba, ndikuimba nyimbo.

Lamlungu ndinabwerera ku pabu, kulibe. Ndinaimba foni kwa anyamata onse, palibe anachiona. Apa munthu wanzeru akanapita kwa a Dennis n'kugwada. Koma ine ndinali wowerenga. Ndinalowa m'shopu ya zinthu zakale n'kugula chitini chofanana kukula kwake. Ndinang'amba mapepala opanda zilembo a kumapeto kwa mabuku anga akale, achikasu aja, n'kuwapinda ngati makalata. Lolemba ndinachiika pa tebulo kuti chimveke kugunda.

"Abwera bambo anga?" anafunsa a Dennis.

"Abwera," ndinatero.

Ndinatenga pepala lopanda kanthu, n'kuliyang'ana, n'kuyamba kuwerenga.

Masabata oyamba zinali zosavuta, chifukwa makalata ambiri ndinali nditawawerenga kale ndipo mutu wanga umasunga. Ndinkabwereza zenizeni, n'kuwonjezera pang'ono pamene ndaiwala. Zenizeni zitatha, ndinayamba kupeka. Ndinkakonza kalata ya tsikulo pa basi, n'kumeza kaye pang'ono kuti mawu aziyenda. Ndinabwereka mabuku a nkhondo kuti ndisalakwitse mayina a mfuti. Ndikuuzeni chinthu chonyansa kwambiri: ndinayamba kunyadira. Alf wanga ankalemba bwino kuposa Alf weniweni. A Dennis akapukuta m'maso, ine mumtima ndinkati, waona Fackson, Fomu 2 yomweyo. Ndinachita zimenezi miyezi iwiri, katatu pa sabata, kwa munthu wakhungu amene ankandilola kumugwira lezala pakhosi.

Tsiku limene zinathera linali Lachitatu, m'mawa wa mvula. Ndinali ndisanakonze kalikonse chifukwa dzulo lake ndinali nditapitiriza muyeso. Ndinawameta, ndinawapatsa mapiritsi, ndinakhala pa mpando, n'kutambasula pepala langa lopanda kanthu. M'mutu munali mbee. Ndiye pakamwa panangotuluka kalata yokhayo imene ndimaidziwa ndili m'tulo, imene tonse tinakula tikulembera makolo athu.

Ndinati: Okondedwa mayi, choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu. Ngati muli bwino ndithokoza Mulungu. Kunena za ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira. Ndinalankhulako za mpira pang'ono, za matope pang'ono. Kenako ndinatseka monga timatsekera. Mundiperekere moni kwa bambo, kwa azakhali, kwa oyandikana nawo nyumba onse, kwa abusa ndi akumpingo, osaiwala ana onse. Ndine mwana wanu wokukondani.

Ndinapinda pepala.

"Profesa," anatero a Dennis. "Bambo anga apereka moni kwa abusa?"

"Eya, ndi mmene alembera."

"Ndi kwa oyandikana nawo nyumba. Onse."

"Onse."

"Bambo anga pa moyo wawo wonse sanafunsepo munthu kuti wadzuka bwanji. Kutchalitchi analowako kawiri, ndipo kachiwiriko anachita kuwanyamula m'bokosi. Woyandikana nawo nyumba anamuthyola mphuno asanapite ku nkhondo." Anatambasula dzanja. "Ndipatse ndiigwire."

Ndikanatha kunena kuti nthawi yatha. Ndikanatha kugwetsa kapu. Ndinaganiza zonsezo. Koma dzanja lija linali m'malere, likudikira, ndipo ndinaikamo pepalalo. Analisisita ndi chala chachikulu, kutsogolo ndi kumbuyo. Pensulo ya a Alf inkadinda kwambiri, moti zilembo zinkamveka kuseri kwa pepala. Ili linali losalala ngati mbale.

"Muli angati enieni m'chitinimo?"

"Mulibe, a Dennis."

"Ali kuti?"

"Sindikudziwa. Ndinaledzera, ndinawasiya pa basi kapena m'pabu. Papita miyezi iwiri."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoika pepala lija pa bondo n'kulisalaza bwinobwino ngati ndi lenileni, kenako anati, "Akazi anga anawasunga pamene nyumba yathu yakale inalowa madzi. Anasiya zithunzi za ukwati wathu, n'kunyamula chitini." Anawonjezera kuti, "Fungo lija la minti ndinkalimva, usaganize kuti mphuno nazonso zinafa. Ndinkangoti si nkhani yanga. Pita, Fackson. Nthawi yako yakwana."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa lenileni.

Ndinatsika masitepe n'kukaima pa siteji ya basi. Botolo linali m'thumba, ndipo musaganize kuti ndinalitaya mu mtsinje ngati mu filimu. Ndinamwa. Ndinamwa lonse, ndipo silinagwire. Ndinakhala pamenepo mabasi atatu akudutsa, maso ali gwa, mutu uli mbee ngati sindinalawe kanthu, ndikuona dzanja lija likusisita pepala. Ndi pamene ndinadziwa kuti mowa wandithera ntchito. Unali utanditengera chilichonse chimene unkafuna, ndipo tsopano sunkathanso ngakhale kundibisa.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Ndinaimbira foni manijala wanga ndili pa siteji pomwepo, ndisanapeze mpata wokonza nkhani. Munthu ngati ine ukandipatsa ola limodzi ndikupekera buku lonse, ndiye ndinaphunzira kuti choonadi ndizichinena msanga, chisanavale jekete. Anandiimitsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo patapita milungu iwiri anandichotsa. Sanalakwitse.

Kenako kunyumba. A Esnart anali atangoweruka, akuvula nsapato. Ndinawauza zonse nditaimirira pakhomo la khitchini.

"Bambo a Tadala," anatero, "za mowazo ndimadziwa, botolo lanu limakhala kuseri kwa mabuku a mbiri yakale, poti mumati ine sindifikako. Koma munthu wosaona? Ine tsiku lonse ndimagwira anthu oterowo. Mwandichititsa manyazi pa ntchito yanga yomwe." Analowa kuchipinda. Atatuluka anandiponyera foni. "Imbani kwa dokotala panopa, ndili pompano ndikumva. Ndipo musawayankhule Chingerezi cha m'mabuku. Muwauze kuti mumamwa zingati."

Ndinapita. Musasiye nokha mwadzidzidzi ngati mwakhala mukumwa tsiku ndi tsiku, thupi limatha kukugwetsani, pitani akakuthandizeni kutsika bwino. Kumeneko ndi kumene anandilozera gulu ngati lino, ndipo m'bale wina wa pa mpingo uno anayamba kundiimbira tsiku lililonse nthawi ya 11 m'mawa, nthawi imene miyendo yanga inazolowera kulowera ku pabu. Dziwani ola lanu, abale. Aliyense ali nalo. Langa silinali la usiku, linali la pakati pa ntchito ziwiri, pamene palibe akukuona ndipo kunja kukuzizira. Pano ndimagwira ntchito yochapa zofunda za chipatala, ndipo ndinachita kupempha shifiti yopanda mpata pakati. Mpira ndimaonera kunyumba, a Esnart akundiuza kuti ndichepetse phokoso.

Chitinicho ndinachifunafuna. Ndinalemba mafomu ku ofesi ya katundu wotayika, ndinapita ku garaji ya mabasi, ndinamata mapepala pa mitengo ya magetsi ku Peckham. Ndinayenda m'mashopu a zinthu zakale kutsegula chitini chilichonse cha mabisiketi, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndili ndi njala. Sichinapezeke. Ndikufuna mumve bwino pamenepa, chifukwa maumboni ambiri amathera poti zotayika zinabwerera. Zanga sizinabwerere. Makalata amene anapulumuka nkhondo ndi madzi osefukira sanapulumuke Loweruka limodzi la Fackson.

A Maureen ndinawalembera kalata yopepesa. Anandiimbira foni n'kunena mawu ochepa: "Ine sindinawawerenge. Ndinkati ndidzawerenga ndikadzapuma pa ntchito. Mwandilanda zimenezo." Mpaka lero sanandikhululukire, ndipo sindiwapempha kuti afulumire.

Patatha miyezi inayi ndisanalawe, a Maureen anaimbanso. Mawu awo anali ouma. Anati bambo awo akufuna ndizibwera Lamlungu masana, iwo ali pomwepo, ndi kope ndi cholembera.

"Wabwera, wakuba iwe?" anatero a Dennis nditalowa.

"Ndabwera."

"Yandikira." Anandinunkhiza ngati galu wa pa bwalo la ndege. "Chabwino. Khala pansi. Makalata aja ena ndimawakumbuka, akazi anga anandiwerengera kambirimbiri. Ine ndizinena, iwe uzilemba. Ukawonjezera ngakhale mawu amodzi, Maureen akuponya pa windo."

"Ndili pano," anatero a Maureen ali kukhitchini.

Tinayamba. Zinkabwera zidutswazidutswa, mzere pano, mizere itatu apo. Masokosi. Fodya wonyowa. Sajeni amene ankaimbira mpira mokondera. Tsiku limene a Alf anamva kuti timu yawo yagonja kwawo ndipo analemba kuti zawapweteka kuposa nsabwe. Ndinkalemba ndendende, n'kuwawerengera kuti avomereze. Pa Masabata asanu tinadzaza masamba khumi ndi limodzi. Makalata opitirira makumi asanu, masamba khumi ndi limodzi.

Lamlungu lachisanu ndi chimodzi a Dennis anandilandira akumwetulira.

"Lero ndakumbukira yabwino, Profesa. Yabwino kuposa onse. Lemba. Mayi, nkhondo ikatha ndidzakwatira, ndipo ndikadzakhala ndi mwana wamwamuna ndidzapita naye pa bwalo m'mawa anthu asanabwere, ndidzamuphunzitse kumenya ndi mwendo wamanzere, chifukwa amanja aliyense ali nawo." Anaseka pang'ono. "Waona? Ankandiganizira ndisanabadwe. Sanathe kutero chifukwa cha mwendo uja, koma ankafuna."

Cholembera chinaima. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndinawapeka ine, pa basi, titaima pa maloboti ku Woolwich, ndipo tsiku limenelo ndinadziyamikira kuti ndapeza pomugwira mkuluyu.

Abale, sindinayesedwepo ngati pamenepo, ngakhale ndi botolo. A Maureen anali ataima pakhomo la khitchini ndi kansalu kopukutira mbale, maso ali ndi misozi, akumva agogo awo koyamba akulankhula zachikondi. Palibe akanadziwa. Zenizeni zinatayika, wotsutsa panalibe. Ndikanangolemba, nkhalamba ikanagona mokondwa. Ndipo ndikanakhala nditabwerera pa mpando womwe uja, ndi pepala losalala m'manja.

"A Dennis," ndinatero, "imeneyo ndi yanga."

"Ayi. Imeneyi ndikuikumbuka bwino."

"Mukuikumbuka chifukwa ndinakuwerengerani kawiri, munachita kundipempha kuti ndibwereze. Sinali m'chitini. Ndinaipeka."

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anatembenuzira nkhope ku windo.

"Ukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

"Mwina unaiwerenga mwa enieni aja, n'kuiwala kuti unaiwerenga."

"Ndikanakonda zikanakhala choncho. M'makalata onse amene ndinaona, bambo anu sanatchulepo za mwana."

A Maureen anabwerera kukhitchini n'kutsegula mpopi mwamphamvu. Ine ndinazindikira kuti sindinangotaya mapepala. Ndinalowa m'mutu mwa munthu n'kusakaniza bambo ake ndi mabodza anga, moti iye mwini sankathanso kusiyanitsa. Ndipo bodza limene analikonda koposa ndi limene ndinayenera kumulandanso.

"Ndiye kuti pa masamba enawo," anatero, "pangakhalenso zako."

"Pangakhale. Tibwerere pa tsamba loyamba. Mzere uliwonse ndikuuzani ngati ndinauona ndi maso kapena ndinaupanga. Pamene sindikudziwa, ndinena kuti sindikudziwa."

Tinatero, Masabata ena atatu. Masamba khumi ndi limodzi anatsika kufika asanu ndi atatu. Ndi zimene a Maureen ali nazo lero za agogo awo, wosewera mpira ndi msilikali: masamba asanu ndi atatu a m'kope, m'zilembo za munthu amene anataya zenizenizo. Chaka chino chikatha ndikhala nditakwanitsa zaka ziwiri osamwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu, koma musandiombere m'manja ngati kuti masamba aja achuluka.

A Dennis akadali moyo, ndipo ndimapitabe. Sabata yatha, a Maureen atatsikira kukataya zinyalala, anandikoka mkono.

"Profesa, ija ya mwendo wamanzere ija. Usailembe. Koma tangoinenanso kamodzi."

Ndinati, "Ndiinena, koma ndiyamba ndi kunena kuti ndi ya Fackson wa ku Ntcheu, si ya bambo anu."

"Ndikudziwa, chitsiru iwe," anatero. "Yamba."